Anandimangira Mapepala Okulungira Vitumbuwa

Anagogoda Loweruka m'mawa, mwezi wa Novembala, mvula yoyamba itagwa dzulo lake. Ine ndinali kuseri kwa nyumba ndikukazinga vitumbuwa pambaula, ndiye amene anatsegula chitseko ndi amuna anga. Ndinamva mawu a mwamuna akufunsa ngati pano ndi pamene pamakhala mayi wogwira ntchito pasukulu ya sekondale ku Woodlands. Ndinatuluka supuni ili m'manja. Anali amuna awiri ovala zovala wamba ndi wapolisi wamkazi wa yunifolomu. Galimoto anaisiya patsidya pa ngalande, chifukwa kwathu ku Chunga mvula ikagwa galimoto siifika pakhomo.

Mmodzi anatulutsa m'thumba kapepala kopindika, kodontha mafuta, nandifunsa ngati ndikukadziwa. Ndinati inde, ndi mapepala amene timakulungira vitumbuwa. Analowa m'nyumba, napeza mulu wonse pansi pa tebulo pamene unkakhala masiku onse. Kwina sanafufuze. Anangoti ndivale nsapato.

Mwana wanga wamkazi anali ndi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo anali m'tulo. Ndinati ndimubereke kaye. Wapolisi wamkazi uja anati, "Musiyeni agone, mayo. Ni mafunso chabe, mubwela manje manje." Ndinayang'ana apongozi anga, amayi a amuna anga, amene tinkakhala nawo. Iwo anati pitani msanga mubwere msanga, mwana ndimuona. Ndinali nditamuyamwitsa mbandakucha. Ndinachoka mafuta akadali pamoto.

Sinditchula dzina la munthu aliyense muno, ngakhale la sukuluyo. Ena mwa anthuwa akadali pantchito, ndipo ine ndimakwera minibasi imodzi ndi abale awo.

Ndifotokoze za mapepalawo. Ine sukulu ndinalekera giredi seveni kwathu kum'mawa. Pasekondalepo ntchito yanga inali kusesa muofesi, kuphika tiyi ndi kupukusa makina osindikizira mapepala a ana. Mphunzitsi amataipa zimene akufuna pa sitensulo, ine ndimaimanga pamakina, kuthira inki, kenako kupukusa chigwiriro ndi dzanja mpaka mapepala akwane kalasi yonse. Makinawo anali okalamba. Mapepala oyamba kutuluka ankada bii, ena ankapindika, ndipo oonongekawo sankatayidwa. Alonda ankatenga okolezera moto, ine ndinkatenga okulungira. Amuna anga anali atachotsedwa ntchito kampani yawo itagulitsidwa, ndiye vitumbuwa ndi zimene zinkatigulira ndiwo. Ndinkakazinga ndisanapite kuntchito, apongozi n'kumakagulitsa pamalo okwerera minibasi, mwana ali kumbuyo kwawo. Anthu a ku Chunga adyera vitumbuwa m'mapepala a masamu ndi a sayansi zaka ziwiri, popanda wodandaula.

Mphunzitsi wa mbiri yakale anali bambo wochepa thupi wa ku Luapula. Tonse tinkangoti ba tichala. Iwo sankakonda kulembetsa ana manotsi. Anali ndi envulopu yaikulu ya mapepala a nthawi ya azungu, ena anapatsidwa ndi okalamba, ena anakakopera kumene boma limasunga zakale. Munali chitupa chimene munthu wakuda ankayenda nacho m'tauni. Munali chidziwitso cha pakhomo la butchala chouza anthu akuda kuti asalowe, akagulire nyama pakawindo ka kumbali. Munalinso kapepala kamene omenyera ufulu ankagawa mobisa m'makomboni, kolembedwa m'Chinyanja.

Chifukwa pasukulu panalibe makina ojambula mapepala, ba tichala ankazitaipanso zonsezi pa sitensulo, mawu ndi mawu. Koma chaka ndi dzina la wolemba ankazisiya dala. Ankati mwana akaona chaka pamwamba amasiya kuwerenga, amangoloweza. Ankafuna ana apeze okha kuti walemba ndani, akulembera yani, akuopa chiyani, ndipo zinali liti. Mafunsowo ankawaika papepala lapadera.

Tsiku lina nditawapititsira mapepala m'kalasi ya giredi leveni, anandiuza kuti ndisachoke. Anatulutsa theka la ana panja padzuwa, n'kunena kuti amenewo ndiwapatsire mapepala awo pawindo, mmodzimmodzi, koma ndiyambe ndamaliza a m'kati. Poyamba ana ankaseka. Posakhalitsa kuseka kunatha. Mtsikana wina wa ku Kabulonga, amene ankabwera kusukulu pagalimoto, anafunsa ali panja kuti, "Ba sa, ise talakwa chani?" Ba tichala anati, "Palibe. Welengani pepala, mumve amene anafunsa funso limenelo inu musanabadwe." Tsiku limenelo ana anakangana mpaka belu linalira osalimva. Ena ankati akanakhala iwo akanaphwanya windolo, ena ankati ndiye ana ako adya chiyani ukamangidwa. Ine ndinabwerera kuofesi tiyi wa ahedi atazizira.

Kapepala ka omenyera ufulu kaja ndi kamene kanandivuta posindikiza. Sitensulo inang'ambika pakona, mapepala ambiri anatuluka ndi mzere wakuda m'mbali, koma mawu ankawerengeka bwinobwino. Kankanena kuti anthu atopa kukhala ngati alendo m'dziko lawo, kuti unga wakwera pamene malipiro sakukwera, kuti boma silimva kulira kwa anthu a m'makomboni, ndipo kankaitana anthu kuti asiye kugula m'masitolo amene amawanyoza, asonkhane osaopa apolisi. Mawu oti azungu munalibemo. Olembawo ankangoti iwo, chifukwa aliyense panthawiyo ankadziwa kuti iwo ndi ndani.

Masabata amenewo m'tauni munali mantha. Zipani zambiri zinali zitakhalapo zaka zingapo, anthu atazolowera kulankhula, koma mwadzidzidzi pamisewu panadzaza asilikali, ndipo wailesi inalengeza kuti munthu atha kusungidwa popanda kupita naye kukhoti. Ine ndinkaganiza kuti zimenezo ndi za anthu andale. Ndinamva pambuyo pake kuti anthu odikira minibasi ankati akatha kudya chitumbuwa amatambasula pepala n'kuwerenga, kondakitala wina n'kumaliwerenga mokweza, anthu n'kumavomera kuti n'zoona. Wina analitengera kupolisi.

Anandifunsa mafunso m'chipinda cha pamwamba, m'nyumba ina ya pakati pa tauni. Wofunsayo anali bambo wa suti yotuwa, wolankhula motsitsa. Ndinamuuza zonse monga ndalembera pamwambapa, sindinabise kanthu chifukwa sindinkaona choti ndibise. Anamvetsera mpaka kumapeto, kenako anati ndiyambirenso. Ndinayambiranso. Anafunsa kuti misonkhano timachitira kuti, amatilipira ndani, n'chifukwa chiyani ndinasankha malo okwerera minibasi. Ndinati ndi pamene pamayenda malonda. Analemba zimenezo.

Anati pepala lakale limakhala lofiirira, ili ndi loyera, inki yake ikadali kununkha. Ndinati ndi ine ndinalisindikiza sabata yatha, koma mawuwo ndi akale. Anafunsa kuti chaka chili pati. Ndinati ba tichala amachichotsa kuti ana aganize. Anayang'ana mnzake amene anaima pakhomo, onse anaseka.

Pofika masana mawere anali atalimba ngati miyala, bulauzi yanyowa mpaka m'chiuno. Ndinapempha kuti andilole ndikayamwitse, ndibwera ndekha. Wa suti uja anayang'ana bulauziyo, nati, "Mwana akuyembekezani, mayi. Imwe ndimwe mumuchedwetsa. Tipatseni maina." Maina ndinalibe. Anatuluka, nandisiya ndi wa pakhomo uja. Zimene zinachitika masana amenewo sindizilemba zonse. Khutu langa lakumanzere silimva bwino mpaka lero, ndipo ndikamakwera minibasi ndimakhala mbali yoti kondakitala alankhulire kumanja.

Madzulo anandipititsa kupolisi ina, m'selo ya akazi. Chinali chipinda chimodzi, simenti pansi, ndowa pakona, kawindo ka mawaya pamwamba penipeni. Chitseko chinali ndi kabowo kolowetsera mbale. Akazi ankabwera n'kumapita, ogulitsa pamsewu, omenyana, ophika kachasu, ambiri ankagona masiku ochepa achibale n'kuwatulutsa. Okhalitsa tinali awiri, ine ndi mayi wina wa ku Kabwata wogulitsa salaula, zovala zakaunjika, amene anali kudikira mlandu wovulaza mkazi mnzake. Anali wamkulu kwa ine, wamawu aakulu, wolankhula Chinyanja chosakaniza ndi Chibemba.

Ndi iye amene anaona kuti ndikutentha thupi. Anandiuza kuti ndikapanda kufinya mawere atupa mafinya, ndipo ndikasiya masiku angapo mkaka uuma. Anandipatsa kapu yake ya chitsulo, natambasula chitenge chake kunditchinga kwa ena. Kuyambira tsiku limenelo ndinkafinya m'mawa, masana ndi madzulo, nthawi zimene mwana akanayamwa. Ndikamaliza ndinkathira mkakawo m'ndowa ya pakona, chifukwa kunalibe kwina kothira. Ndinkamwa madzi onse amene ndawapeza, ndinkadya zonse zimene zabwera, ngakhale nyemba zofumbwa. Ndinkadziuza chinthu chimodzi basi, kuti tsiku lotuluka ndikafike mkaka ulipo.

Lolemba ndinapempha wapolisi wamkazi uja, yemwe anabwera kwathu, kuti mwana abwere ndizikhala naye. M'selomo munali mkazi wina ndi khanda lake, ndiye sindinkapempha chachilendo. Anapita kukafunsa, nabwera n'kunena kuti uyo anagwidwa ali ndi mwana kumbuyo, ndiye analembedwa awiri. Ine ndinalembedwa ndekha. Ndiponso anthu ogwidwa ndi lamulo latsopanoli saloledwa kuona munthu. Ndinamukumbutsa kuti ndi iye anati ndimusiye agone. Anayang'ana pansi, nati, "Nenze siniziba, mayo," kutanthauza kuti sankadziwa, n'kutseka kabowo.

Amuna anga ankabwera tsiku lililonse kuchokera ku Chunga ndi chakudya m'kapoto. Sindinkawaona. Kapotoko kankalowa pakabowo, wapolisi n'kunena kuti akuti mwana ali bwino. Mawu anali omwewo tsiku ndi tsiku, moti sindinkadziwa ngati ndi a amuna anga kapena ake.

Akazi atsopano akalowa ankafunsa mlandu wanga, mayi wa ku Kabwata n'kumayankha m'malo mwanga kuti uyu ni politishani wa vitumbuwa, mumupase ulemu, akakhala minisita azakukumbukani. Ankafuna kumva zimene zinali papepalapo, ndiye ndinkawauza, pamodzi ndi za chitupa, za butchala, ndi za ana amene anaimikidwa padzuwa. Ena sankakhulupirira kuti m'tauni yomweyi munthu ankaloza nyama asanaione, n'kulandira chilichonse chimene chatuluka pakawindo. Mkazi wina anati amayi ake ankanena zimenezo, kuti nthawi zina ankafika kunyumba n'kupeza mafupa okhaokha m'pepala. Tili mkati mokamba kabowo kanatseguka, mbale ya nyemba n'kulowa. Mayi wa ku Kabwata anailandira nati, "Ba butchala, lelo mwatipasako ya mafuta?" Selo yonse inaseka, ndi wapolisi yemwe kunjako.

Sabata yachiwiri ananditengeranso kuchipinda cha pamwamba chija. Ndinapeza ba tichala atakhala pabenchi, envulopu yawo ili patebulo pamodzi ndi mulu wa makope a ana. Anali atabwera okha, atamva kwa amuna anga. Anandiyang'ana kumaso, kenako kukhutu. Anatulutsa kapepala kenikeni kaja, kofiirira, kothetheka m'mapindo, chaka chili pansi pake, nakaika pambali pa kanga ka mafuta. Wa suti anawerenga mzere ndi mzere, chala chili uku, china uku. Anatsegula makope a ana. Mwana aliyense anali atalemba mmene akuganizira, ena atapeza kuti ndi za nthawi ya azungu chifukwa cha masitolo, ena ataphonya.

Atamaliza anavula magalasi nati, "Ba tichala, ngati ni vakale, nanga n'chifukwa chani bantu ku Chunga bawelenga monga ni va lelo?"

Ba tichala anati, "Bwana, limenelo ndilo funso lomaliza limene ndimafunsa ana."

Sindikudziwa ngati ananena mwachipongwe. Ine ndikuganiza kuti ankangoyankha zoona, chifukwa funsolo linalipodi papepala la mafunso. Wa suti sanaseke. Ba tichala sanabwerere kwawo tsiku limenelo, ndipo envulopu inatsala patebulo.

Kuchokera pamenepo sanandifunsenso kanthu. Nthawi imeneyi ndiyo inandivuta kuposa ya mafunso. Aliyense papolisipo ankadziwa kuti nkhani yanga ndi ya vitumbuwa. Wapolisi wina wachinyamata ankati akamadutsa amafunsa kuti lero mwakazinga. Koma pepala londisunga linasainidwa kumwamba, ndiye lomasula linayeneranso kuchokera kumwamba komweko. Ndikafunsa ankati bwana woyenera kusaina ali kumaliro. Kenako anali kumsonkhano kunja kwa tauni. Kenako failo yanga inali itapita kuofesi ina pamodzi ndi ya anthu andale, ndipo sakanaichotsa yokha. Sankandimenya, sankanditukwana. Ankangoti mailo, kutanthauza mawa.

Pakawindo ka pamwamba ndinkaona kadenga ka malata ndi nthambi imodzi ya mtengo. Mvula ikagwa madzi ankalowa pansi pa chitseko, tonse n'kuima titanyamula mabulangete. Ndinkawerenga m'mutu zimene mwana angakhale ataphunzira, ngati wayamba kukwawa, ngati dzino latuluka. Mkaka unayamba kuchepa. Poyamba kapu inkadzadza, kenako theka, kenako unkangophimba pansi. Mayi wa ku Kabwata ankandipatsa theka la chakudya chake, akunama kuti m'mimba mukumupweteka.

Panali masiku ena otsatizana amene kapoto sikanabwere. Wapolisi sananene kuti mwana ali bwino, ine sindinafunse. Ndinkadziwa kuti amuna anga sangalephere kubwera popanda chifukwa, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi chokha. Masiku amenewo ndinkafinya pafupipafupi mpaka khungu linasupuka. Kapoto katabweranso, ndinakalandira ndi manja onse awiri, ndinakhala nako pamiyendo osatsegula mpaka chakudya chinazizira.

Mayi wa ku Kabwata anapita kukhoti kumayambiriro kwa Disembala ndipo sanabwerenso m'selomo. Kapu anandisiyira. Chitenge chonditchinga panalibenso wochigwira, ndiye ndinkangotembenukira kukhoma.

Anandimasula Lachinayi, sabata ya Khirisimasi isanafike. Panalibe mwambo uliwonse. Wapolisi wamkazi anatsegula chitseko chonse, nati nditenge zanga. Kuofesi anandipatsa nsapato ndi pepala loti ndisaine kuti ndasungidwa bwino ndipo ndilibe dandaulo. Ndinasaina. Wamkulu wa pamenepo anati, "Mwamasuka, mayi. Koma vitumbuwa muzimangila mu nyuzipepala monga anzanu." Kunja ndinapeza amuna anga ataima pamzere wa obweretsa chakudya, kapoto kali m'manja. Sanandizindikire msanga. Tinakwera minibasi ya m'tauni, kenako ya ku Chunga, kapoto kali pakati pathu. M'njiramo anandiuza kuti mwana anatsegula m'mimba, anagona kuchipatala, koma anachira. Ba tichala anali akadali m'kati. Iwo anatuluka chaka chitatembenuka, ndipo anabwerera kukalasi yawo yomweyo.

Apongozi tinawapeza pakhonde akusankha nyemba, mwana ali kumbuyo. Ndinagwada kuwapatsa moni, analira, inenso ndinalira. Anamasula mwana. Anali wochepa kuposa mmene ndinamusiyira, mano awiri atatuluka pansi. Nditakhala pampasa n'kuyamba kumasula mabatani a bulauzi, apongozi anandigwira dzanja. Anati mkaka umene wagona kutali ndi mwana umasasa, ukamupatsa amadwala, ndipo uyu wangochoka kumene kuchipatala. Anandiuza mmene anavutikira masiku oyamba, mwana akulira kukana phala, iwo akumudonthezera ndi supuni. Anati sangapirirenso kumuona ali ndi botolo la madzi pamkono.

Ndinawauza kuti sunagone, ndinkafinya tsiku lililonse, katatu. Ndinawaonetsa pamene panasupuka. Anayang'ana ine, nayang'ana mwana wawo wamwamuna amene anangoti zyoli. Kenako anati, "Ndi mwana wanu, amake. Yesani."

Ndinamunyamula. Anandiyang'ana nkhope monga ana amayang'anira mlendo, osalira, osaseka. Nditamuika pabere anatembenuza mutu. Ndinafinyira kadontho pamilomo yake, ananyambita, nakwinya nkhope, n'kutambasulira manja kwa agogo ake. Ndinayesanso madzulo, ndinayesa mawa lake, ndi mkuja. Anamwino a kukiliniki anati mkakawo ulibe vuto, ndizingoyesa. Mwana anali ataiwala, ndipo mwana sungamuuze kuti unali kuti. Patapita sabata ndinamanga chifuwa ndi chitenge, mkaka unauma wokha ndili pakhomo panga.

Ntchito ndinabwerera, ahedi anandilandira popanda kufunsa zambiri. Makina ndimapukusabe. Ba tichala amaphunzitsabe ndi mapepala amene anawabwezera, ndipo ndi iwo anandipempha kuti ndilembe izi, ati ana amawerenga za anthu akuluakulu okhaokha amene anamangidwa. Ndawauza kuti ine sindinamenyere kanthu, ndinkangofuna kupita kunyumba. Iwo ati ndilembe zomwezo.

Anthu amandifunsa ngati ndinasangalala tsiku limene ndinamasulidwa. Ndimati inde, chifukwa ndi yankho limene amafuna. Ufulu ndimaumva pa tinthu tating'ono. Chitseko ndimatsegula ndekha, madzi ndimamwa nthawi imene ndafuna, ndikamva mwana akulira ndimanyamuka n'kupita popanda kupempha munthu. Koma anandibwezera nsapato zokha, masabata aja sanabweze, ndipo palibe ofesi imene ndingakawafunse.

Mwana tsopano akuyenda, ali ndi thanzi. Phala amalandira m'dzanja langa, amasewera ndi mikanda ya m'khosi mwanga, ndikamachokera kuntchito amandithamangira kufuna kuona zimene ndanyamula. Koma akagwa n'kudzipweteka, amandidutsa ine pamene ndagwada nditatambasula manja, n'kupita kwa agogo ake. Apongozi amachita manyazi, amamukankhira kwa ine kuti pita kwa amako. Ndimawauza kuti amusiye, asamukakamize. Ndimakhala pampasa pafupi nawo mpaka atonthole.